Mafunso ndi mayankho: kavalidwe koyenera nyengo kuno ku Chigwa cha Shire

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kwa ife osoka ndi ogulitsa nsalu kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ena amafunsidwa pakhonde munthu akuyezetsa diresi, ena amabwera pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi cha sitayelo imene munthu waiona pa Facebook. Tayamba ndi osavuta, ofuna kufotokoza kwambiri ali kutsogoloku.

Kuno kumangotentha chaka chonse. Pali chifukwa chosinthira kavalidwe?

Chilipo. Amene amati kuno kulibe nyengo ndi alendo amene amafika tsiku limodzi n'kubwerera. Kutentha kwa Okutobala si kutentha kwa Febuluwale, ndipo m'mawa wa Julayi ku Ngabu umafuna juzi.

Chilimwe chimakula kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa. Mu Okutobala ndi Novembala si zachilendo kutentha kupitirira madigiri 40 ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi ku Nsanje boma. Chifukwa chake n'chakuti chigwachi chili pansi kwambiri: madera ambiri a Nsanje sakwana mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pamwamba pa mamita 1,000. Kutentha kwa miyezi imeneyi n'kouma, thukuta limauma msanga ngati chovala chikulola mphepo kudutsa. Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, limabwera ndi chinyezi. Dzuwa limakhalapobe koma thukuta siliuma, zovala zochapa zimachedwa pachingwe, matope ali paliponse. Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yabwino kuvala chilichonse chimene mtima ukufuna. Juni ndi Julayi kumazizira m'mawa ndi usiku, makamaka mwera ukamaomba kapena chiperoni chikatsikira kuno. Ogasiti ndi mphepo ndi fumbi.

Nsalu yabwino pa kutentha kwa kuno ndi iti?

Ya thonje, yopyapyala. Thonje limamwa thukuta n'kulitulutsa kunja, ndipo thukutalo likamauma thupi limazizira. Nsalu ya polyester kapena nayiloni simamwa madzi, thukuta limangoyenderera pakhungu mkati mwa chovalacho, ndipo pofika 11 koloko munthu amamva ngati wavala jumbo. Fungo nalo limakanirira kwambiri mu nsalu zoterezi, ngakhale muzichape bwanji. Linen ndi yabwino kuposa thonje pa nkhani yozizira, koma yatsopano ndi yodula ndipo imakwinyika msanga. Pa kaunjika imapezeka, ndipo mukaiona musaisiye. Viscose ndi yofewa komanso yozizira, vuto lake imafooka ikanyowa, choncho sifuna kuifinya mwamphamvu pochapa.

Zimatiwawa ndithu kuona kuti chigwa cholima thonje chikuvala pulasitiki. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje m'midzi, akupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo, zimene ankagulitsanso kwa anthu a madera ena. Makolo amenewo ankaidziwa nyengo ya kuno. Lero thonje la ku Ngabu limakwera galimoto kupita kutali, ife n'kumagula nsalu yonyezimira imene imatiotcha.

Ndingadziwe bwanji kuti chitenje kapena chovala ndi cha thonje lenileni? Wogulitsa aliyense amati chake ndi chenicheni.

Ngati ndi chovala cha pa kaunjika, tembenuzani muyang'ane kansalu kolembedwa kamene kamasokedwa m'mbali, chakumunsi. Pakalembedwa cotton 100% kapena linen, zili bwino. Pakalembedwa kuti polyester ndi yochuluka kuposa theka, chimenecho ndi cha Juni, si cha Okutobala.

Chitenje nthawi zambiri chilibe kansalu koteroko, ndiye manja ndi maso ndiwo agwire ntchito. Fumbatani ngodya ya nsaluyo mwamphamvu kenako mutambasule dzanja. Thonje limatsala ndi makwinya, pomwe polyester imabwerera mwakale ngati simunaigwire. Dontheziranipo kadontho ka madzi: pa thonje kamalowa n'kufalikira, pa pulasitiki kamakhala pamwamba kakunjenjemera. Koma chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi wambiri moti madzi amatha kuchedwa kulowa ngakhale chili cha thonje, ndiye musadalire njira imodzi.

Njira yosanama ndi ya moto. Pemphani wogulitsa akuloleni kusolola ulusi uwiri kapena utatu m'mphepete modulidwa, muuyatse ndi machesi mutaima patali ndi nsalu zina. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo phulusa lake mukalitikita ndi zala limangoyoyoka. Polyester imakwinyika kuthawa moto, imasungunuka, imanunkha pulasitiki, n'kusiya kachibulu kakuda kolimba. Samalani, kachibuluko kamaotcha chala kakadali kotentha. Wogulitsa amene akukana kuti muyese ulusi wakuyankhani kale.

Zoyera kapena zakuda?

Padzuwa, zowala. Zakuda zimamwa kutentha. Koma zoyera mbuu sizichedwa kuda kuno, ulendo umodzi wa pa kabaza mu Ogasiti kolala yafiira kale. Khaki, chikasu chosakuwa, buluu wowala ndi zitenje za maluwa osakanikirana zimapirira fumbi. Amene mumatuluka thukuta lambiri pewani nsalu yotuwa yopanda maluwa, chifukwa imaonetsa m'khwapa ndi pamsana kuposa mtundu wina uliwonse. Chitenje cha maluwa ambiri chimabisa.

Kukatentha si bwino kungovala zazifupi ndi zopanda manja?

Pamthunzi, pakhomo, inde. Padzuwa ayi. Khungu limene lili pamtunda limapsa mwachindunji, ndipo munthu amatopa msanga. Chimene chimathandiza ndi chovala chotakasuka, chosiya mpata pakati pa nsalu ndi thupi kuti mphepo iziyenda. Diresi lalitali lotambalala la thonje limazizira kuposa siketi yaifupi yothina ya nayiloni. Madzulo manja aatali amathandizanso pa udzudzu, umene kufupi ndi madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi sutha chaka chonse, ngakhale kuti salowa m'malo mwa neti.

Masitayelo amene ali m'fasho pano ndi ati, ndipo oyenera kuno ndi ati?

Zithunzi zimene amayi ndi atsikana amatibweretsera zambiri ndi za ku Lagos, Accra ndi Johannesburg, zina za ku Lilongwe. Mwa zimenezo, zotiyenera zilipo zambiri. Bubu, diresi lalikulu lija longotsetsereka kuchokera m'mapewa, lili ngati linapangidwira Nsanje: silifuna zipi, silifuna layiningi, limavalika kutchalitchi, kuntchito ndi pakhomo, ndipo mayi woyembekezera salisiya. Diresi losokedwa ngati shati, la mabatani kutsogolo ndi lamba wa nsalu yomweyo, ndi labwino kwa aphunzitsi ndi a m'maofesi, komanso kwa oyamwitsa. Buluku wa miyendo yotambalala wa chitenje kapena linen wabwereranso, ndipo ife tamulandira ndi manja awiri chifukwa wachotsa atsikana ambiri mu jinzi yothina. Kajekete kopepuka ka chitenje kopanda mabatani, kovala pamwamba pa bulauzi wamba, kamasintha chovala cha kumsika kukhala cha kumsonkhano.

Zimene timalangiza kuti muziganizire kawiri ndi madiresi othina m'chiuno okhala ndi timawaya mkati, manja otukumuka a nsalu zosanjikiza, lesi wonyezimira, ndi jumpsuit, chovala chija cholumikiza bulauzi ndi buluku pamodzi. Jumpsuit imaoneka bwino pachithunzi, koma kumbukirani kuti kuchimbudzi muyenera kuivula yonse. Amene amajambulitsa zovala zimenezi amakhala m'nyumba zoziziritsidwa ndi makina, sakudikira minibasi pa Dyeratu masana.

Kumbukiraninso kuti fasho ya ku London imayenda mosemphana ndi ife. Iwo akamaonetsa majekete aubweya mu Novembala, n'chifukwa kwawo kukuyamba kuzizira.

Nanga abambo?

Shati ya chitenje ya manja aafupi, yosapisira, yokhala ndi timing'alu m'mbali, ndiyo yafala ndipo ndi yaulemu mokwanira pafupifupi paliponse. Amene safuna maluwa thupi lonse amasoketsa shati ya nsalu wamba n'kuika chitenje pa kolala, pathumba ndi m'mphepete mwa manja mokha. Kolala yaifupi yoimirira imazizira kuposa ya tayi. Buluku akhale wa thonje, wa khaki kapena wotuwa, osati wothina m'ntchafu. Majezi a mpira achinyamata amawakonda ndipo amauma msanga, koma ambiri a pamsika ndi polyester yokhuthala imene imasunga fungo, ndiye akhale a kubwalo, osati ovala kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Vesiti ya thonje mkati mwa shati ena amaiona ngati yowonjezera kutentha. Kwa munthu wa mu ofesi imathandiza, chifukwa imamwa thukuta shati isananyowe.

Ndikapita kwa atelala ndinene chiyani kuti chovala chisanditenthe?

Choyamba chapani nsaluyo musanapite nayo. Thonje limachepako likachapidwa koyamba, ndipo diresi limene linakukwanani tsiku lolitenga limatha kukana kutsekeka pambuyo pa kuchapa. Kuchapako kumachotsanso sitachi, atelala n'kuona mmene nsaluyo imagwera.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amaluza, ndi layiningi. Munthu amagula chitenje chabwino cha thonje, kenako mkati monse n'kuikamo layiningi wa nayiloni woterera. Pakhungu panu pakukhudza nayiloniyo, ndiye ubwino wa thonje lija watha. Chitenje chambiri sichionekera mkati, sichifuna layiningi. Ngati nsaluyo ndi yopyapyala, pemphani layiningi wa thonje, kapena aike kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo mokha. Pitikoti wa thonje wovala payekha ndi wabwinonso chifukwa amachapidwa payekha.

Pemphaninso kuti m'khwapa musathine, khosi likhale lotseguka pang'ono, ndipo asiye nsalu yokwanira m'misoko kuti thupi likasintha chovalacho chikuzidwe. Pa kuchuluka kwa nsalu, mamita 2 amakwana shati ya abambo kapena siketi, diresi lalitali limafuna pafupifupi mamita 4, ndipo waksi wogulitsidwa mayadi 6 amatulutsa diresi ndi duku, nthawi zina n'kutsalako ka mwana. Munthu wamtali kapena wathupi afunse kaye asanagule. Ndipo za Khirisimasi bweretsani mu Novembala. Sabata yomaliza makina aliwonse amakhala ndi mulu, magetsi akathima ntchito imaima, ndipo chosokedwa mothamanga chimaoneka.

Pa kaunjika ndigule chiyani, nthawi yanji?

Gulani motsutsana ndi nyengo. Mabelo amachokera kumayiko ozizira, ndiye majuzi ndi majekete amabwera chaka chonse. Mu Okutobala palibe amene amawayang'ana, mavenda amangofuna achoke, ndipo mtengo umagwa. Juzi yomweyo mu Juni imakwera. Chimodzimodzi jekete ya mvula ndi jombo: musadikire Januwale.

Tsiku lotsegula belo fikani m'mawa ngati mukufuna mashati a thonje ndi linen, chifukwa ogula kukagulitsanso amawadziwa ndipo amawatola msanga. Yang'anani m'khwapa, pa kolala ndi pakati pa miyendo, kwezani chovalacho padzuwa muone ngati nsalu yatha. Chachikulu pang'ono tengani, atelala achepetsa. Chaching'ono chisiyeni. Mukafika kunyumba chapani ndi kusita musanavale. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo ndi nsalu zonse zochokera kunja zinakwera, choncho kusankha mofatsa kuli ndi phindu kuposa kale. Mmene mungadziwire nsalu tafotokoza pa funso lachitatu.

Juzi imodzi ikwana m'nyengo yozizira?

Kwa ambiri ikwana, bola ikhale yotsegula kutsogolo. Kuzizira kwa kuno n'kwa m'mawa. Pofika 9 koloko dzuwa lakwera, ndipo amene wavala juzi yokhuthala yopanda kanthu mkati amavutika tsiku lonse. Valani mosanjikiza, shati mkati, juzi kapena jekete yopepuka pamwamba, kuti muzivula. A kabaza, a njinga zamoto, asodzi ndi alonda ndi amene amafunikadi jekete yotchinga mphepo ndi chipewa cha ulusi. Okalamba musawaiwale, mwera umawalowa kuposa ife.

M'dzinja ndivale nsapato zanji?

Amene anayendapo pa dothi la makande la ku Ngabu mvula itagwa akudziwa kuti limamata kuphazi mpaka nsapato kulemera, ndipo patapata amaduka lamba kapena kutsala m'matope momwemo. Kumunda ndi m'njira za kumudzi jombo ndiye yankho, koma valani ndi sokosi za thonje ndipo muzivula mukafika, chifukwa phazi lokhala m'chinyezi tsiku lonse limachita zilonda pakati pa zala. Popita kuntchito kapena kutchalitchi, yendani ndi nsapato za pulasitiki zogwira chidendene, zabwinozo zikhale m'chikwama. Nsapato zachikopa zikanyowa musaziike pamoto kapena padzuwa lamphamvu, zimauma n'kung'aluka. Ikanimo mapepala, ziume pamthunzi.

Siketi ndi buluku za m'dzinja zilekeze pamwamba pa akakolo. Jinzi ikanyowa imatenga masiku kuti iume. Apa pokha nsalu yosakaniza thonje ndi polyester pang'ono ili ndi ntchito, chifukwa imauma msanga. Jekete ya mvula ya pulasitiki imakunyowetsani ndi thukuta mkati, ndiye woyenda pansi ambulera imamuthandiza kwambiri, ndipo ambulera yomweyo ndi mthunzi mu Okutobala.

Timakhala kumalo kosefukira madzi. Zovala tizisunge bwanji?

Funso ili linayamba kubwera kwambiri pambuyo pa madzi a Januwale 2015, ndipo anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatikumbutsanso. Mabanja ambiri a ku Makhanga ndi madera ena a East Bank anafika m'misasa ndi chovala cha pathupi chokha.

Disembala asanafike, konzani kathumba kamodzi kosalowa madzi, kapena ndowa ya chivindikiro chothina. Muikemo chovala chimodzi cha munthu aliyense, zitenje ziwiri kapena zitatu, zovala zamkati, zofunika amayi ndi atsikana akakhala kumwezi, yunifomu ya ana a sukulu, pamodzi ndi ziphaso ndi mabuku a kuchipatala. Chitenje musachichepetse: chimafunda, chimabereka mwana, chimatchinga pogona anthu ambiri. Kathumbako kakhale pamwamba, pamalo poti aliyense m'nyumbamo akupadziwa ngakhale mumdima. Koma chenjezo likaperekedwa kuti anthu asamuke, musabwerere m'nyumba chifukwa cha sutikesi.

Zovala zotsala zikhale pa thandala kapena zopachika, osati pansi. Dzuwa likawala m'dzinja zitulutseni ziwombedwe mphepo kuti zisachite chuku.

Madzi a pamjigo pathu ndi amchere. Zovala zikusuluka ndipo zikuuma gwa. Nditani?

Vuto limeneli ndi lodziwika m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje. Madzi oterewa sachita thovu bwino, sopo amatha wambiri, ndipo zovala zakuda zimatsala ndi mizere yoyera. Sopo waufa amagwirako bwino kuposa wamtanda m'madzi amenewa. M'dzinja kingani madzi a mvula, ndipo ngakhale achepe, asungireni kutsukuluza komaliza kwa zovala zanu zabwino. Kumtsinje wa Shire madzi ndi ofewa, koma ng'ona zatenga anthu ambiri pochapa, ndiye tungani pamalo odziwika mukachapire kumtunda.

Chimene chimasulutsa chitenje kwambiri ndi dzuwa. Yanikani chotembenuza, pamthunzi ngati ulipo, ndipo chikangouma chotsani. Mu Okutobala ola limodzi lakwana. Chitenje chatsopano chichapeni chokha m'madzi ozizira, musachinyike usiku wonse. Ena amathira mchere poyamba kuti mtundu ugwire. Sizoononga, koma nsalu ya utoto wosalimba imasulukabe.

Amene muli pafupi ndi minda ya nzimbe ku Nchalo mukudziwa timwaye takuda timene timagwa akamatentha nzimbe nyengo yodula. Tikagwera pa chovala chonyowa musatikite, timalowerera. Dikirani chiume, mukung'unthe.

N'zoona kuti zovala zoyanika pansi zimabweretsa mphutsi?

N'zoona. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi kapena pa nsalu yonyowa, makamaka ya fungo la mkodzo kapena thukuta, ndipo mphutsi yake imalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Ana ndi amene amavutika kwambiri. Yanikani pachingwe, osati pansi kapena paudzu, ndipo sitani matewera, zovala zamkati ndi zofunda. Simbi ya makala imagwira bwino lomwe ntchito imeneyi.

Ukwati kapena chinkhoswe chili mu Okutobala. Tivale chiyani kuti tioneke bwino koma tisakomoke?

Maukwati ambiri amagwa m'chilimwe chifukwa anthu agulitsa zokolola ndipo mvula kulibe, ndiye funsoli silitha. Akomiti osankha nsalu ya onse, chonde yesani ulusi musanagule mipukutu. Mukasankha nsalu yonyezimira ya pulasitiki mwazunza anthu onse amene adzavine pelekanipelekani masana.

Akwati ambiri amabwereka diresi loyera la nsalu zosanjikiza. Livaleni kutchalitchi ndi pojambulitsa, koma konzani lachiwiri la chitenje la kumadyerero. Mkwati wamwamuna ndi anyamata ake safunika suti ya zidutswa zitatu. Jekete ya layiningi wa theka, kapena shati yaitali ya kolala yoimirira ndi buluku wa nsalu yomweyo, imaoneka yaulemu ndipo munthu amapuma. Pa chinkhoswe chilundu ndi duku sizinachokepo m'fasho. Duku likhale la nsalu yopepuka, lomangidwa mosathina.

Mwezi womwewu pa 15 ndi Tsiku la Anakubala. Ngati mukuwagulira amayi chitenje, chikhale cha thonje, chifukwa adzachivala pa dzuwa lomweli.

Kumaliro, kutchalitchi ndi kwa amfumu, kutentha kungakhale chifukwa chovalira mopepuka?

Mopepuka inde, mosalemekeza ayi. Kumaliro mayi amamanga chitenje ndi duku, mapewa ofunda, ndipo bambo amavala buluku wamtali ndi shati, osati kabudula. Kwa amfumu n'chimodzimodzi. A yunifomu za mipingo, monga amayi a Mvano, mtundu wa chovala sasankha okha, koma nsalu angasankhe: bulauzi yoyera ya thonje ilipo, ndipo pamaliro a masana kusiyana kwake mudzakumva. Opita ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, adziwe kuti kumeneko mwambo wake ndi wa nsalu yakuda, ndipo afunse eni malo za kavalidwe asananyamuke.

Atsikana amafunsanso za buluku. Lamulo la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi linatha pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wovula kapena kunyoza mkazi chifukwa cha chovala chake. Komabe kuyenda ndi chitenje m'chikwama n'kwanzeru. Mukhoza kukumana ndi maliro panjira, kapena kufika kwa apongozi mosakonzekera.

Mwana wakhanda ndimuveke bwanji kukatentha?

Timaona makanda a miyezi ingapo atavekedwa chipewa cha ulusi, sokosi, juzi ndi shawelo mu Novembala, ali kumbuyo kwa mayi amene nayenso akutuluka thukuta. Mwanayo amalira, ndipo m'khosi ndi m'mapindiko mumatuluka tizilonda toyabwa. Gwirani pamsana kapena pakhosi pake: ngati pali ponyowa ndi potentha, chepetsani zovala. Kamalaya kamodzi ka thonje ndi thewera zakwana masana, ndipo mbereko ikhale chitenje chimodzi chopepuka. Mwana wongobadwa kumene, makamaka wobadwa masiku asanakwane, ndi nkhani ina. Ameneyo amazizidwa msanga, ndipo tsatirani zimene anamwino ndi alangizi a zaumoyo akuuzani ku sikelo.

Ana a sukulu amayamba chaka mu Sepitembala, kutentha kukuyamba kumene. Ngati mungathe, asokereni mayunifomu awiri a nsalu yokhala ndi thonje lambiri, okulirapo pang'ono.

Ndili ndi mwana wachialubino. Zovala zake zikhale zotani?

Kwa iyeyu chovala ndi chitetezo ku khansa ya pakhungu, ndipo dzuwa la kuno silikhululuka. Manja aatali, buluku kapena siketi yaitali, kolala yotchinga khosi, ndi chipewa cha mlomo waukulu kuzungulira mutu wonse. Kapu imasiya makutu ndi khosi pamtunda. Nsalu ikhale ya thonje koma yolukana kwambiri: ikwezeni padzuwa, ngati kuwala kukudutsa kwambiri ndiye kuti sikuteteza mokwanira. Pano mitundu yoderako imatchinga dzuwa kuposa yoyera yopyapyala, ndiye zimene tanena pa funso la mitundu musazitsate ndendende, koma chovalacho chikhale chotakasuka. Kambiranani ndi aphunzitsi kuti aziloledwa yunifomu ya manja aatali ndi chipewa. Za mafuta oteteza khungu funsani kuchipatala cha boma kapena a bungwe la anthu achialubino la APAM. Ndipo musokereni zokongola, za masitayelo amene anzake akuvala, kuti asazione ngati chilango.

Kumunda, makamaka popopera thonje?

Chipewa cha mlaza ndi shati yakale ya manja aatali zimakwana pa ntchito wamba. Popopera mankhwala pamafunika buluku wamtali, jombo, ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno, ngakhale kutenthe. Poperani m'mawa kwambiri. Zovala zimenezo zikhale za ntchito imeneyo basi, zichapidwe pazokha, kutali ndi mjigo, ndipo zisakhudzane ndi za ana.

Wigi ndi mesh m'chilimwe?

Mutu umatuluka thukuta kwambiri, ndipo wigi yovala tsiku lonse imabweretsa kuyabwa ndi fungo. Kuyambira Sepitembala mpaka Malichi malukidwe ogona pamutu, kapena tsitsi lalifupi lometedwa bwino, ndiwo amapepuka. Wigi isungireni tsiku la mwambo. Mesh wautali wofika m'chiuno dikirani nawo Meyi.

Ndikupita ku Blantyre. Ndinyamule juzi ngakhale kuno kukutentha?

Nyamulani. Kuchokera ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma mukangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri mphepo imasintha. Mu Juni ndi Julayi mutha kuchoka kuno dzuwa likuwala n'kukapeza chiperoni ku Limbe. Obwera kuchokera kumtunda achite mosemphanitsa: avale zoti akafika pa mlatho wa Kamuzu athe kuvula chapamwamba.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndiyambe ndi chiyani?

Mayi ayambe ndi zitenje ziwiri za thonje lenileni, chimodzi chomanga, china chosoketsa diresi lotakasuka loti n'kupita nalo kutchalitchi ndi kuukwati komwe. Awonjezere siketi imodzi ya mtundu umodzi wodera, imene ingagwirizane ndi mabulauzi awiri kapena atatu a pa kaunjika. Bambo ayambe ndi buluku wa khaki, wina wakuda, shati imodzi ya chitenje ndi ziwiri za thonje. Zovala zamkati zikhale za thonje ndipo zikhale zokwanira kusintha tsiku lililonse, apa musaumire. Juzi mugule mu Okutobala monga tanena pa funso la kaunjika, ambulera mugule mvula isanayambe. Zidutswa zotsala kwa atelala muzizitenga, ndi zanu: zimatuluka duku, lamba, kathumba ka foni, kapena chigamba cha pa kolala ya shati imene yayamba kutha.